Amene Anasiya Chitsime cha Bou Tazart Chosatseka

Ine, Assou Ouzaid, wa zaka 34, wa m'mudzi wa Oulad Driss koma wokhala ku Casablanca komwe ndimagwira ntchito yopima maso ndi kukonza magalasi, ndabwera ndekha pa polisi ya M'Hamid, osaitanidwa. Ndabwerera nkhani ya chitsime cha Bou Tazart, yomwe akuimbidwa mlandu a M'barek Oubella, oyendetsa alendo pa ngamira. Ndikunena motere:

Loweruka pa 8 Febuluwale ndinafika kumudzi ndi anzanga awiri akuntchito, Jalil Bennis ndi Anouar Tazi. Onsewa anabadwira m'tauni. Ndinali nditawauza kwa zaka zitatu kuti ine ndine mwana wam'chipululu, ndipo iwo anati akufuna akaone ndi maso. Kumudzi ndinachokako ndili ndi zaka 12, koma izi sindinawauze.

Tinanyamuka 3 koloko masana kulowera kuchitsime cha Bou Tazart ndi ngamira zinayi za a M'barek. Bambowa ali ndi zaka pafupifupi 70. Anayenda m'chipululu ndi malemu bambo anga, a Zaid, kwa zaka zoposa 20, ndipo ine sanditchula dzina, amangoti mwana wa Zaid. Iwo anali pansi kutsogolo atagwira chingwe, ife titakwera. Tinayenda makilomita 14.

Tinafika cha m'ma 6 koloko n'kumanga tenti pamtunda wa mamita 200 kuchokera pachitsime. Nditatsika pa ngamira miyendo inakana kuwongoka. Jalil anati, "Aise, paja unkati unabadwira pamsana pa ngamira? Nanga bwanji ukuyenda ngati wakhalira minga?" Anouar anati, "Musiye, ndi mayendedwe akwawo amenewo." Ndinawayankha kuti aone mawa. A M'barek anaphika mkate mumchenga, tinadya ndi nyama ya mbuzi, tinamwa tiyi, tinagona.

Lamulungu m'mawa, cha m'ma 8 koloko, a M'barek anatenga chingwe ndi ndowa kuti akatunge madzi. Ndinawalanda. Ndinati, "Khalani pansi bambo, ntchito iyi ndi ya ife ana." Anandiyang'ana, kenaka anati, "Chabwino mwana wa Zaid. Zapachitsime ukuzidziwa."

Ndinkazidziwadi. Wotsegula chitsime ndi amene amatseka, ndipo asanachoke amadzaza chomwera cha ziweto chomwe chili pambali pake. Ngamira za anthu zimayenda zokha kumeneko. Zikapeza chomwera chili chouma zimatsata fungo la madzi mpaka pakamwa pa chitsime. Bambo anga anandiphunzitsa izi ndisanayambe sukulu.

Tinapita atatu. Chitsimecho n'chakuya mamita 9 ndipo chili ndi chivundikiro chachitsulo cholemera mwina makilogalamu 40. Kuchichotsa n'kosavuta, umangochikankha n'kugwera pamchenga. Ndinachikankha ndekha Anouar akujambula. Ndinatunga ndowa zisanu. Zitatu tinathira m'zigubu zathu, ziwiri anzangawo anasamba kumaso. M'chomwera sindinathiremo. Manja anali atatuluka matuza, ndipo ndinawabisa m'thumba.

Anzangawo anatenga zigubu kubwerera kutenti. Jalil anatembenuka n'kufunsa kuti, "Chitsulocho uchitha wekha, dokotala wa magalasi?" Ndinati, "Tazipitani inu, musandichedwetse."

Kubwezera chivundikirocho umayenera kuchinyamula kuti chikwere pamlomo wa chitsime. Ndinayesa kawiri. Ulendo wachiwiri chinanditsomphoka n'kundicheka chala chapakati cha dzanja lamanja. Chipsera chake ndachionetsa kwa wapolisi amene akulemba. Pamene ndinaimapo ndinkawaona onse atatu, ndipo ndikanakuwa akanandimva. Sindinakuwe. Ndinachita manyazi. Ndinachitsamiritsa pamlomo, theka la chitsime lili pululu, ndikuti ndiwanong'oneze a M'barek anzangawo akatalikira.

Nditafika ndinapeza katundu atamangidwa kale, ngamira zitagwada, anzanga atakwera. A M'barek anandifunsa pamaso pawo kuti, "Watseka?" Ndinati, "Ndatseka." Anatinso, "Nanga ngamira za eni ake wazisiyira madzi?" Ndinati, "Ndazisiyira." Sanapite kukaona. Kwathu kukaona pamene mwana wa mnzako wanena kale kuti watseka ndi kumutukwana. Tinanyamuka 8:50 ndipo tinafika kumudzi 12 koloko itangodutsa. Maola atatu onsewo a M'barek anali patsogolo panga, mamita awiri okha. Zachivundikirozo sindinawanong'oneze. Madzulo omwewo tinabwerera ku Casablanca.

Zotsatirazi sindinazione ndi maso. Anandiuza ndi mayi anga pafoni Lachisanu pa 21 Febuluwale. Anati patatha masiku atatu tichokereni, ngamira za a Ichou Bourhim, omwe amaweta m'dera limenelo, zinafika pachitsime zili ndi ludzu. Zinakankhana pakamwa pake, ndipo kamwana ka ngamira ka milungu isanu kanagweramo n'kufa. A Ichou anakapeza kamwanako patapita masiku awiri madzi atawonongeka. Banja la a Ichou, la anthu 9, linasamuka ndi ziweto zawo kupita kuchitsime china pamtunda wa makilomita 18. Make wa kamwanako akuti amathawa n'kubwerera ku Bou Tazart, ndipo akamutengako katatu.

A Ichou anatsata mapazi a ngamira zathu mpaka kunyumba kwa a M'barek, kenaka anadzadandaula kuno. Bungwe la oyendetsa ngamira linawaimitsa ntchito a M'barek. Mayi anati a M'barek atafunsidwa kuti anatsegula ndani, anangoyankha kuti, "Ngamira zinali zanga, alendo anali anga." Mayiwo anamaliza n'kuti, "Ukalamba mwanangu. Munthu wosamala ngati uja mpaka kuiwala chitsime." Akuti manyazi anapha lambe. Anga anapha ngamira ya eni ake.

Ndinakwera basi yobwerera kumudzi Lamulungu pa 23. Dzulo, Lolemba, 4 koloko masana, ndinapita kwa a M'barek. Ndinawapeza akuluka chingwe pakhomo, ngamira zawo zili m'khola. Ndinawauza zonse zomwe ndanena pano. Anandithirira tiyi. Anati, "Chala chija ndinachiona tsiku lomwelo. Ndinati wachekeka potseka." Ndinawafunsa chifukwa chimene sananditchule. Anati, "Bambo ako sindinkawafunsa kawiri. Ndikanakutchula, anthu akanati mwana wa Zaid ndi wabodza, ndipo Zaid sangadziyankhire."

Ndinawauza kuti ndikubwera kuno. Anati zimenezo ndi zanga. Anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo posiyana anati, "Ukadzabweranso ndi anzako udzandiuze, ndidzakutengani. Koma pachitsime ndidzapita ndekha."

Ndapereka kupolisi chithunzi chomwe anajambula Anouar pafoni nthawi ya 8:52 tsiku limenelo. Ine ndili pa ngamira, ndakweza dzanja, ndikuseka. Kumbuyo kwanga, chakumanzere, chitsime chikuoneka chosatseka. Jalil ndi Anouar sankadziwa kanthu. A M'barek sanafikepo pachitsimecho m'mawa umenewo. Ndinatsegula ndine, sindinatseke, ndipo atandifunsa ndinanama.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera, ndipo palibe choti ndichotsepo.

Wopereka umboni: Assou Ouzaid ____________________
Lachiwiri, 25 Febuluwale