Mimba ya Ubwana

Chiwindi changa chakutidwa ndi mafuta, chikhalirecho mowa sindinaulawepo chibadwire. Adokotala anandifunsa kawiri ngati sindikunama, kenaka anati: "Bambo, mowa wanu ndi shuga, batala ndi mpando wa mu ofesi. Matendawa akuchuluka m'tauni muno. Mukapanda kutsika thupi, chiwindichi chidzauma."

Omvera anzanga, ine ndinabwera ku Limbe kuchokera ku Nsanje ndili woonda ngati bango. Nditayamba ukalaliki mimba inatuluka, ndipo ndikapita kumudzi abale ankaisisita monyadira: "Tauni yakuyanjani, achimwene!"

Tsopano ku ntchito ndimapita wapansi kuchokera ku Chinyonga. M'mawa nkhungu imatsika phiri la Mpingwe n'kuphimba msewu, ndipo ndimangoona ngati ndikupalasanso bwato pa Shire, thupi lili pepuu, mabasi akutulukira m'nkhungumo ngati mvuu. Lamba wanga ndamuboola kale bowo lina.

Koma wina wakauza mayi anga kuti mwana wawo akutha, mpongozi wawo sakumudyetsa. Loweruka mayiwo akufika pa sitima ndi bakha wonona woti adzandiphikire okha. Chakudya cha m'manja mwawo sindinachikanepo. Tsikulo ndidzachikana, ndipo ndikudziwa kuti adzalira.