Nsapato ya Kumanja ya a Haswell Nkhoma

Malemu amene tawazungulira lerowa, bambo Haswell Nkhoma, anabadwa pa 12 Malichi 1934 m'mudzi uno wa Kalumbu, kuno kwa Mwase Lundazi. Anali achitatu mwa ana asanu a bambo Yotamu Nkhoma ndi mayi Justina. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Amock, mwana wa mlongo wawo mayi Keziya, choncho malemuwa ndi amalume anga. Abusa, mafumu ndi inu nonse anamfedwa, ndikudziwa kuti pasiwa pano pakunong'onedwa nkhani ziwiri. Yoyamba ndi yoti adzukulu anakumba manda dzulo n'kuweruka osaika munthu. Yachiwiri ndi yoti galaja ya malemu ku boma, pamodzi ndi zipangizo zake, igwera m'manja mwa yani. Nkhani ziwirizi ndi imodzi, ndipo ndizifikira mbiri isanathe.

Sukulu anayamba mu 1943 pa sukulu ya mishoni, n'kulekezera Sitandade 4. Mu 1951 anakwera lole ya mtedza kupita ku Fort Jameson, komwe lero timati Chipata, ndipo analembedwa ntchito yotsuka zitsulo m'palafini pa galaja ina. Mu 1956 anapita kumigodi, ku Kitwe, kumene anaphunzira umakaniko weniweni pa kampani ya zamtengatenga.

Pa 9 Sepitembala 1961 anamanga banja ndi mayi Eness Mtonga a kwa Mphamba, amene tonse timawatchula kuti Anyamtonga. Amalume anapereka malowolo monga achitira kwawo kwa mkazi, ife Achewa kuno tili kukamwa yasa, kudabwa kuti ng'ombe zikupitiranji. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu: Ronnie, Tryphena ndi Chiza.

Kumigodi komweko ndi kumene anayambira khalidwe lomwe ambiri mumawadziwa nalo. Nthawi imeneyo kunayamba kufika magalimoto okhala ndi busita. Kwa inu alimi anzanga, busita ndi chitini chakuda chija chimakhala kuseri kwa chopondera mabuleki, chooneka ngati mapoto awiri ovundikirana. Injini imayamwa mpweya m'chitinimo kudzera m'paipi, ndiye mphira ya mkati imathandiza phazi la dalaivala kukankha. Busita ikafa, chopondera chimalimba ngati mwala, ndipo galimoto yodzaza siima pamene mwini wake akufuna. Poyesa, malemu ankapondaponda injini ili yozimitsa mpaka chopondera chitalimba, n'kusiya phazi pomwepo, kenako n'kuliza injini. Busita ikakhala yamoyo, chopondera chimatsika pang'ono chokha. Koma kampani inkawapatsa majombo achitsulo kumphuno, ndipo m'jombo kutsika kumeneko sikunkamveka bwino. Tsiku lina anavula jombo ya kumanja n'kuponda ndi phazi lokha. Kuyambira pamenepo ankati nsapato imanama, phazi silinama.

Mu 1975 anabwerera ku boma kwathu n'kutsegula galaja yawo kuseri kwa msika wa Lundazi, pansi pa mtengo wa mango. Sipanapite nthawi, boma lonse linkawatcha a Nsapato-imodzi, chifukwa amakhoza kuiwala n'kukafika mpaka mumsika akutsimphina, phazi lina lili pansi. Anyamtonga ankadandaula kuti m'nyumba mwawo nsapato za kumanzere zimatha za kumanja zikadali zatsopano.

Ntchito yawo inali ya munthu wodekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Chopondera chikakhala chofewa ngati siponji, ankadziwa kuti m'mapaipi a mafuta mwalowa mpweya. Chikamatsika chokha mpaka pansi, ankayang'ana timphira ta m'silinda ya mafuta. Chikalimba, sankathamangira kumasula busita. Ankayamba kuzula paipi n'kutseka kukamwa kwake ndi chala chachikulu, ndipo ankati paipi yabwino iyenera kuyamwa chala ngati thole la njala. Akatero ankauzira kavalavu ka papaipiyo kuti aone ngati kakulola mpweya kupita mbali imodzi yokha. Pomaliza ankaika khutu pansi pa chiwongolero. Pakamveka kuti psii munthu akaponda, ndiye kuti mphira ya mkati yang'ambika.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkawapsetsa mtima: malegeni. Ife a kuno malegeni timamangira chilichonse, nkhuku panjinga, belo la fodya, mpini wothyoka, ndiye dalaivala akaona paipi ya busita yang'aluka, naye amangoikulunga ndi legeni n'kumapita. Amalume akapeza zotere ankamasula legenilo n'kulipachika pa mango paja, kiyi wa galimoto n'kulowetsa m'thumba. Madalaivala a maminibasi a ku Chipata ankatukwana, ena ankachonderera kuti apite ulendo umodzi wokha, koma iwo ankangoyankha kuti pepani sapoletsa chilonda. Ena a inu amene munkatukwana ndikukuonani mwakhala kumbuyoko, ndipo tikuthokoza kuti mwabwera.

Mu 1990 mwana wawo wamkazi, msuweni wanga Tryphena, anaferedwa mwamuna n'kubwerera kwa makolo ndi ana awiri. Anayamba kugulitsa zitumbuwa pakhomo pa galaja. Pochotsa mpweya m'mabuleki pamafunika anthu awiri, wina kupopa chopondera, wina kumasula kumateyala, choncho bambo ake ankamuitana kawirikawiri. Zitumbuwa zake zinkamveka palafini, ndipo ine ndinkamuuza poyera, pakuti msuweni sabisirana.

Mu 1993 madokotala anawapeza malemu ndi matenda a shuga. Pang'ono ndi pang'ono phazi la kumanja linayamba dzanzi, mpaka ankaponda minga osamva. Tsiku lina anafika kunyumba masana dzuwa lili paliwombo, atavala nsapato zonse ziwiri, ndipo Anyamtonga atangowaona anadziwa kuti zinthu zavuta. Anauza mkazi wawo kuti atseka galaja, chifukwa sangatulutse galimoto imene phazi lawo silinaimve. Zinandimvetsa chisoni kwambiri kuwaona munthu wanthabwala uja atangokhala pakhonde tsiku lonse. Patapita sabata zingapo galaja inatsegulidwanso. Pampando wa dalaivala pankakhala Tryphena, iwo ataima pawindo n'kumamufunsa zimene akumva. Ambiri tinkangoona ngati akuwathandiza kupopa basi.

Mu Juni chaka chino cha 1996, paphazi lomwelo panatuluka chilonda chosapola. Pa 29 Julayi anagonekedwa m'chipatala ku boma, ndipo Lachitatu pa 14 Ogasiti m'mawa anatisiya, ali ndi zaka 62. Za galaja sanasiye mawu. Mwambo wathu mumaudziwa: za malume zimagwera mwana wa mlongo wawo. Choncho Lachinayi akuluakulu a banja anandipatsa ine kiyi wa galaja, ine amene manja anga amadziwa khasu ndi fodya basi. Ena anandilangiza kugulitsa zipangizo, ena kubwereketsa malowo. Tryphena sanafunsidwe kanthu.

Tsopano ndafika pa za dzulo. Bambo Conrad Zimba, amene amanyamula katundu pamsika, anapereka galimoto yawo ya vaneti mwaulere kuti ibweretse thupi kuno. Tinakweza bokosi, amayi a kumpingo a Umanyano anakhala molizungulira n'kuyamba nyimbo. A Conrad asanalowe, Tryphena anapempha kuti akhaleko pampando wawo. Anawerama, n'kuvula nsapato ya kumanja, n'kuiika pansi pafupi ndi teyala. Anapondaponda, analiza injini, anazimitsa, anayesanso. Kenako anatuluka n'kunena motsitsa mawu kuti, "Motoka iyi siyenda na adada, olo na azimai ali kumbuyowa, mpaka niikonze."

A Conrad anavomera kuti buleki inalimba kalekale. Popeza malemu anali m'chipatala, anasowa kopita, ndiye anangokulunga paipi ndi legeni n'kumaponda ndi mphamvu zonse. Akuluakulu anakwiya, pokumbukira kuti kuno manda akumbidwa ndipo anthu asonkhana. Inenso ndinamuuza msuweni wangayu kuti amalume saopanso ngozi. Anandiyankha kuti amayi akhala kumbuyowo akadali moyo, ndipo njira ya kwa Mwase ili ndi mtsetse wa pakamlatho paja. Tinafunafuna galimoto ina, koma mwezi uno onse ali kotuta chimanga ndi fodya. Pamenepo Tryphena anatambasula dzanja kupempha kiyi wa galaja, ndipo ndinamupatsa.

Thupi tinalibwezera ku mochale, vaneti tinaikankhira pansi pa mango. Tryphena anamasula legeni n'kulipachika pamodzi ndi anzake. Paipi inali itang'aluka chapansi, ndiye anadula ina yatsopano, ndipo itayamwa chala chake tonse tinati basi tiyeni. Iye anayesanso ndi phazi, n'kuika khutu pansi pa chiwongolero, n'kupukusa mutu. Mphira ya mkati nayo inali itang'ambika, ndipo busita yotere m'Lundazi monse munalibe.

Kuseri kwa galaja kuli vaneti ya malemu, ya mtundu womwewo, imene yakhala pamiyala zaka zambiri. Ankaikonza pang'onopang'ono, ndipo ankakonda kunena kuti akadzapuma ntchito adzabwera nayo kuno kumudzi akuyendetsa okha. Tryphena anapita kukagwada kwa amayi ake kupempha busita ya vanetiyo, ndipo Anyamtonga anavomera ndi mutu. Anamasula busita ya vaneti ya bambo ake n'kuimanga pa ya a Conrad. Anachedwa kwambiri pa kachitsulo kokankha silinda, chifukwa kakatalika mabuleki amagwira okha n'kutentha, kakafupika phazi limapita kutali lisanagwire. Pochotsa mpweya anasowa wopopa, ndiye anaitana ine. Atamaliza anaima pawindo, pomwe pankaima amalume, n'kunena kuti, "Vulani nsapato, asuweni, mumvele mweka."

Ndinavula. Ndinapondaponda mpaka chopondera chitalimba, iye n'kupotoza kiyi. Abale anga, chinatsika. Chinatsika pang'ono chabe pansi pa phazi langa, monga limachitira dothi la m'dimba m'mawa. Zaka zonsezi ndinkawaseka amalume ndi nsapato yawo imodzi, koma chimene ankamva ndinachimva dzulo, ndipo ndinalira pampando pomwepo.

Dzuwa linali litapendeka kale, ndipo lamulo la malemu linali loti galimoto yokonzedwa mabuleki iyesedwe pamtsetse kukuwala isananyamule munthu. Choncho tinayesa lero m'mawa, n'kunyamuka. Titafika pakamlatho paja, a Conrad anangogunda ndi phazi limodzi, vaneti n'kutsika mofatsa, nyimbo ya amayi osadukiza. Amalume ankafuna kubwera kumudzi ndi vaneti yawo, ndipo chigawo cha vaneti yawoyo ndicho chawafikitsa.

Adzukulu, inu amene munatopa ndi kukumba n'kudikira pachabe, banja likupepesa. Mafumu ndi inu nonse amene mwagona pano usiku wina woonjezera, tikhululukireni. Mwanayu, Tryphena, sananyoze mwambo kapena bambo ake. Anachita zimene bambo akewo akanachita maliro akanakhala a wina.

Atatseka galaja dzulo, Tryphena anabwera kwa ine, anagwada, n'kundibwezera kiyi ndi manja awiri. Kiyi ameneyo wandilemera m'thumba njira yonse. Tisanalowe m'mwambo uno ndinakhala pansi ndi mayi anga ndi akuluakulu a banja, ndipo tamvana. Mwambo unandipatsa kiyi, ndipo mwambo womwewo sundiletsa kupereka changa. Kiyi uja ndi uyu. Tryphena, msuweni wanga, galaja ndi zipangizo zonse ndi zako, pamaso pa mafumu ndi mpingo. Zitumbuwa zija usiye, sizinali ntchito yako.

Malemu asiya mkazi wawo Anyamtonga, ana atatu, Ronnie amene amaphunzitsa ku Petauke, Tryphena, ndi Chiza wa ku Ndola, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mlongo wawo mmodzi, mayi Keziya. Tikuthokoza anamwino ndi madokotala amene anawasamalira, abusa ndi amayi a Umanyano, madalaivala ndi amalonda a pamsika amene anasonkha za bokosi, ndi bambo Conrad Zimba amene anapereka vaneti yawo n'kulola kuti imasulidwe pamaso pa anthu. Azilamu athu a kwa Mphamba, yewo chomene.

Tikadzameta, galaja idzatsegulidwa. Mukadzaona nsapato imodzi ili yokha pansi pa mango paja, musaitole, mwini wake ali pantchito.

Amalume, mwafika kwanu bwino, ndipo onse amene anakuperekezani afika amoyo. Mzimu wanu uuse mumtendere.