Tsamba Lakuda pa Benchi ya Sikelo

Pa benchi ya sikelo ya oyembekezera, mayi wina anakanikiza bondo la mwana wake wamkazi, yemwe manyazi ankamudzutsa kuti athawe. Pambali pawo panakhala amayi achilendo, buku la kutchalitchi lili pamiyendo.

"Mwanayu ndi wanu? Nanga mwini mimbayi ali kuti?"

"Bwanji, nayenso akufunika pa sikelo?"

"Ine sindiweruza munthu, mayi. Ndimangotsinzina n'kutsegula bukuli, pomwe chala chagwera ndiye uthenga wake. Taonani, chagwera pa za chigololo."

"Tabweretsani kuno. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma litsiro ndimaliwerenga. Tsamba ili lada ngati chigamba chopukutira pansi, enawa ali mbee. Bukuli lazolowera kutsegukira pomwepa."

"Ndi Mzimu umenewo."

"Mzimu wake ndi malovu a pachala chanucho. Polemba za chifundo masamba akadali omatana."

"Tchimo ndi tchimo, mayi."

"Mwana wangayu analira kale, Mulungu anamva, sanadikire inu. Iwe, khala pansi. Vula juzi ukubisira mimbayo, kwatentha. Mdzukulu wanga asapse chifukwa cha maso a anthu."