Mitembo ya pa Kabati

A Lazarus Mbewe, mphunzitsi wa sayansi ku Chiparamba, ankanyadira mwala wina waphanthiphanthi umene mzungu anawasiyira pobwerera kwawo mu 1992, wooneka ngati munadindidwa maluwa a mapesi ataliatali. Kutatsala tsiku limodzi kuti woyendera sukulu adzauone, anapeza pakabati patangotsala kansalu koyalapo.

"Amake Jesca, mwala wanga uli kuti?"

"Wamaluwa uja?" anafunsa a Ketilina, akazi awo, akusenda nsawa.

"Ndinene kangati? Si maluwa! Ndi nyama za pansi pa nyanja. Zinafa, matope n'kuzikwirira, n'kusanduka mwala."

"Eya, dzulo munateronso pamaso pa alendo. Ndinafunsa, zinafa? Munati zinafa. Mitembo? Munati mitembo yeniyeni."

"Ndiyo sayansi imeneyo!"

"Zaka zinayi ine kupukuta mitembo ndi nsalu ya mbale! Nanga chifuwa cha Jesca chikanatha bwanji?"

A Lazarus anavula magalasi, n'kuwavalanso. "Mwauika kuti?"

"Ndapereka kwa adzukulu m'mawa. Augoneka kumanda, pafupi ndi malume anu."

"Kumanda! Mayo ine! Inspekitala akubwera mawa! Uhedimasitala umene ndikuufuna wagona pamwala umenewo!"

"Abwere. Tidzamuperekeza akapepese maliro."

"Maliro ati? Zinthu zinafa zaka mamiliyoni mazana atatu zapitazo!"

A Ketilina anagwira pakamwa. "Kalanga ine! Nthawi yonseyo osaikidwa? Abale ake anali kuti?"

"Zilibe abale!"

"Ndiye tachita bwino kuzithandiza."

"Ndikukautenga," anatero a Lazarus, natola khasu pakhonde.

"Pitani. Dzuwa lili paliwombo, mkulu wa mpingo, khasu paphewa, kukafukula mitembo. Anthu otere ali ndi dzina lawo m'mudzi muno."

Khasu lija linatsika lokha pang'onopang'ono. Munthu amene anakanganapo ndi abusa, ndi alamu ake, ngakhale ndi wogulitsa tomato chifukwa cha mwala umenewu, anakhala pamphasa n'kuyamba kuthandiza kusenda nsawa. Mawu anatuluka ofewa ngati a munthu wopempha mchere.

"Amake Jesca, ndinalakwitsa ine. Munkanena zoona. Si nyama ayi. Ndi maluwa chabe."

"Zoona?"

"Maluwa enieni. Kawauzeni adzukuluwo abweze."

A Ketilina anauzira makoko m'lichero.

"Ndiye mtima pansi, bambo a Jesca, afika kwawo. Munaonapo liti maluwa akubwerako kumanda?"