Mayi Muriel Mhango, Mwini Loweruka la Nyimbo pa Rumphi

Malemu Mayi Muriel Mhango anabadwa pa 9 Juni 1958 ku Bilila, m'boma la Ntcheu. Anali mwana wachitatu mwa ana asanu ndi mmodzi a Bambo Laws Chimbalanga ndi Mayi Kezia Nangondo. Ine amene ndaima pano ndine Horace Chimbalanga, mlongo wawo, mzime wa m'nyumba imeneyo. Mafumu, abusa, alamu athu a kwa Mhango ndi nonse a kuno ku Nchenachena, mundikhululukire poyankhula Chichewa. Chitumbuka changa chimathera pa yewo.

Anayamba sukulu mu 1965 pa sukulu ya mishoni ya kwathu komweko, ndipo anakhoza Sitandade 8 mu 1973. Ku sekondale anafika Fomu 2 basi, chifukwa bambo athu atamwalira mu 1976, achemwali anabwerera kumudzi kudzathandiza mayi kulima ndi kulera ife ang'onoang'ono. Mu 1978 mwayi unawagwera, anapita ku Magomero kukaphunzira ntchito ya chitukuko cha m'midzi. Ndinene pano, poti ambiri mumawadziwa chifukwa cha nyimbo: achemwali anga sanali woimba. Ku kwaya ankawaika kumbuyo kwenikweni. Eniake ankaseka n'kumati mawu awo Mulungu anawapatsa oitanira anthu, osati oimbira.

Pa 2 Ogasiti 1980 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Arthur Mhango, mphunzitsi wa kuno amene ankaphunzitsa kwathu. Mulungu anawapatsa ana anayi: Isabella, Kondi, Zondiwe ndi Lois.

Mu 1989 kunatuluka lamulo loti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kwawo. Ife tinawaumiriza achemwali kuti atsale ndi ana, poti kwathu ana ndi a kuchikazi. Anakanitsitsa. Anakwera lole ndi amuna awo, ana atatu, matilesi awiri ndi makina osokera, ulendo wa masiku awiri. Boma linasamutsira ntchito ya achemwali ku ofesi ya zachitukuko pa Rumphi Boma. Inu munawalandira, munawatcha Nyachimbalanga, munawaphunzitsa chiyankhulo chanu. Anachiphunzira ndithu, ngakhale mpaka imfa yawo ankachiyankhula ndi lilime la ku Ntcheu, ndipo amayi a pamsika sankatopa kuwaseka.

Matipate atabwera mu 1994, pakamwa pa anthu panamasuka pa nkhani za ndale. Koma panatsala nkhani imodzi imene inali yonong'onezana. Anthu ankatha. Akalipentala a pa Boma anasiya kukhoma mipando, ntchito inali ya mabokosi. Nthawi imeneyo panali timagulu titatu tongodzipereka: Amayi a Lusungu, amene ankasambitsa ndi kudyetsa odwala m'makomo, gulu la kumpingo lolera ana amasiye, ndi gulu la anthu osaona ndi olumala. Ntchito ya malemu inali kuyendera magulu amenewa. Ankaitanitsa misonkhano, ankasesa holo, ankayala mabenchi, koma anthu osabwera. Munthu akangooneka akulowa pa msonkhano wa Edzi, m'mawa mwake dzina lake lili pamsika. Odwala ankafera kuchipinda, abale akuuza alendo kuti munthu wapita kumunda.

Pa geti la msika pankakhala Bambo Yakobe Harawa, munthu wosaona amene ankaimba banjo yokhoma yekha. Malemu ankadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku popita kuntchito, ndipo anaona kuti anthu amene ankathawa holo ija ankaunjikana pa banjo popanda wowaitana. Anapita kukawapempha Bambo Harawa kuti adzaimbe Loweruka masana pa bwalo la kuseri kwa msika. Bambo Harawa anafunsa kuti kuli ukwati wa yani. Malemu anayankha kuti kulibe ukwati, kuli odwala amene akusowa pobisalira kuti apemphe thandizo.

Pa 14 Juni 1997 ndi pamene linayamba limene inu munalitcha Chisulo cha Sumu, ife timati Loweruka la Nyimbo. Oimba ankakhala pakati. Magulu othandiza aja ankaima m'mphepete, pansi pa mitengo, lililonse ndi dengu lake. Wokhala ndi sopo, mbale ya ufa, kapena malaya amene ana akula nawo, ankaponya m'dengu n'kumapitiriza kuvina. Wokhala ndi wodwala kunyumba ankasendera pang'onopang'ono kwa Amayi a Lusungu ngati akufuna mthunzi, n'kunong'ona kumene akukhala. Lolemba amayi aja ankafika pakhomopo. Lamulo la malemu linali limodzi: nyimbo isaleke. Ankati nyimbo ikaleka, manong'onong'o amamveka. Woimba akatopa, wina ankayenera kuyamba mnzake asanatsirize.

Pofika 2001 magulu othandiza anali asanu ndi awiri. Makwaya ankatsika kuchokera kuno ku Nchenachena, kuyenda wapansi pamene msewu wakana galimoto. Asodzi a ku Chiweta anali ndi bandi yawo, ndipo ankabwera ndi usipa wouma wopatsa ana amasiye. Panabwera a malipenga, panabwera ana a sukulu ndi zisudzo zawo. Amene ankatsogolera nyimbo kawirikawiri anali Isabella, mwana woyamba wa malemu, amene anatenga mawu kwa bambo ake. Masiku amenewo malemu akabwera kwathu ku Ntcheu sankakamba china. Ankakhulupirira kuti chinthu ichi chidzafalikira m'maboma onse.

Mu 2002 kunagwa njala. Madengu anayamba kubwerera opanda kanthu, ndipo mzere wa onong'ona unatalika kuposa wa ovina. Malemu sanaphonye Loweruka ngakhale limodzi. Ankaphika phala la gaga kunyumba kwawo kuti oimba asagwe ndi chizungulire.

Chaka chotsatira Isabella anadwala. Anamwalira pa 21 Okutobala 2003, ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, nasiya khanda, Stephanie. Patangopita masabata awiri, malemu anafika pa bwalo ali ndi duku lakuda kumutu. Iwo amene ankaletsa kuti nyimbo ileke, tsiku limenelo anakweza dzanja, naimitsa Bambo Harawa pakati pa nyimbo. Ena mwa inu munalipo. Anati: "Isabella amene ankakuimbirani pano wafa ndi Edzi. Ndamusamalira miyezi isanu ndi iwiri ndikukuuzani kuti ndi chifuwa chabe. Ine amene ndimakuuzani kuti musabise, ndinabisa." Atatero anakhala pansi, ndipo panapita nthawi banjo isanalirenso.

Mawu amenewo anawavutitsa. Achibale ena, a mbali zonse ziwiri, anati avula banja pagulu. Ine ndemwe ndinali mmodzi mwa iwo. Ndinakhala zaka ziwiri osawalembera kalata, ndipo lero ndikuvomera pamaso panu. Alamu athu, Bambo Arthur Mhango, anakhala mwezi wathunthu osawayankhula, ngakhale pambuyo pake ndi iwo amene ankawanyamulira mabenchi. Mu 2004 mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere. Anzake a Isabella amene anali chigonere anadzuka, nayambanso kuyenda. Malemu ndi amene ankawaperekeza kuchipatala. Lois akuti mayi ake akabwerako kumeneko ankalowa kuchipinda, osadya, ndipo sankafuna kuti wina awafunse.

Mu Epulo 2005 Kondi anamwalira pa ngozi ya minibasi m'mapiri a Chiweta, akuchokera kokagula nsomba za geni. Mu 2008 Zondiwe anapita ku Joni kukafuna ntchito. Pa 3 Febuluwale 2010 Bambo Arthur Mhango anamwalira ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Nyumba imene inali ya anthu asanu ndi mmodzi inatsala ndi malemu, Lois ndi kamdzukulu.

Zaka zomwezo ndi zimene Loweruka la Nyimbo linayamba kufooka. Kunabwera mabungwe akuluakulu ochokera kumizinda, ndi galimoto zoyera. Anatenga anthu ochangamuka a m'timagulu tija n'kumapita nawo ku maphunziro a m'mahotela. Malemu sanawatsutse, ankati mwina thandizo lenileni ndi limeneli. Koma patapita zaka zitatu mabungwe aja anapakira, napita kwina, ndipo anthu amene anazolowera kukwera galimoto sanabwererenso kudzaima ndi dengu padzuwa. Nthawi ya kampeni ya 2009 anthu ena andale anafuna kuti aziyankhula pa bwalo lija. Malemu anakana, nati wodwala alibe chipani. Sabata yotsatira mwini zokuzira mawu amene ankawabwereka anadzazitenga. Mu 2013 bwalo lenilenilo linapatsidwa kwa anthu omanga mashopu, mitengo inagwetsedwa. Malemu anasamukira pa kamalo kafumbi pafupi ndi depoti, pamene kulira kwa maminibasi kunkaposa nyimbo. Achinyamata anali atapeza kale mpira wa pa kanema. Magulu anatsika kuchoka pa asanu ndi awiri kufika pa atatu, kenako awiri.

Mu 2015 Bambo Yakobe Harawa anamwalira. Banjo yawo anaipachika kwa mwana wa mlongo wawo, ndipo palibe amene anaphunzira kuiimba.

Malemu anapuma pantchito ya boma mu 2018. Tinawapempha kuti abwerere ku Ntcheu tikawasamalire. Anati sangasiye manda atatu kuno, komanso Zondiwe akadzabwera adzafikira kuti. Anapitiriza ndi kwaya imodzi kapena ziwiri, mpaka mu 2020 pamene mliri wa Korona unaletsa misonkhano. Chiletso chitatha, anayenda okha m'mipingo ndi m'makomo kuitana anthu. Loweruka limene anapangana, anafika ndi mabenchi anayi pa wilibala. Panabwera amayi anayi a Lusungu basi. Panalibe woimba. Malemu ndiwo anayambitsa nyimbo ndi mawu awo aja, amayi n'kumavomera, anthu odikira minibasi akuwayang'ana. Anachita zimenezi Loweruka lililonse kwa chaka ndi theka. Lois akuti pa nthawi yonseyo amene anasendera kudzanong'ona anali anthu awiri, ndipo palibe chimene akanawapatsa koma kuwapempherera. Sikuti ovutika anatha pa Rumphi, ayi. Amasiye alipo, okalamba ogona ndi njala alipo, nonse mukuwadziwa. Chimene chinatha ndi anthu obwera ndi kanthu m'manja.

Mu Malichi 2023 malemu anayamba kudandaula m'mimba ndi msana. Anapita ku chipatala cha pa Boma, kumene anawatumiza ku Mzuzu. Madokotala anapeza khansa, ndipo anati yafalikira kale. Anayesetsa mbali yawo, koma mu Januwale chaka chino anatiuza kuti chatsala n'kuchepetsa ululu. Malemu anapempha kuti abwerere kunyumba.

Ndinabwera kudzawaona mu Julayi. Anali atatha thupi, koma mutu unali bwinobwino. Ndinayesa kuwalimbitsa mtima, ndinati ntchito yawo anthu sadzaiwala. Anandiyang'ana n'kunena kuti: "Horace, usadzanamize anthu pa maliro anga. Ukadzawerenga mbiri, udzanene kuti chinthu chija chinafa ine ndikuona." Anamuuzanso Lois kuti asadzivutitse kuchidzutsa, asamale ana. Ndinawafunsa ngati akudandaula kuti anataya zaka zawo. Anati sakudziwa. Ndanena monga anandituma.

Malemu anatisiya Lachiwiri pa 13 Ogasiti 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, kunyumba kwawo pa Rumphi Boma, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi. Anamwalira ali mkhristu wa Mvano, ali m'manja mwa mwana wawo Lois.

Asiya mwana wamkazi, Lois, ndi adzukulu atatu: Stephanie, Judy ndi Angella. Asiya ine mlongo wawo, ndi mng'ono wawo Anesi amene walephera kubwera chifukwa cha miyendo. Pa pepala ili talembaponso Zondiwe, koma kunena zoona sitikudziwa ngati tikumuwerenga kwa amoyo. Foni yake yomaliza inali ya mu 2011. Ngati alipo pakati panu amene ali ndi mbale ku Joni, tikupempha kuti uthenga uyende: mayi ake tikuwaika ku Nchenachena, pambali pa bambo ake.

M'malo mwa banja la Chimbalanga ndi la Mhango, ndikuthokoza mafumu potipatsa malo, abusa ndi amayi a Mvano, anamwino ndi madokotala a pa Rumphi ndi ku Mzuzu, adzukulu okumba manda, ndi anzawo akale a ku ofesi amene anatithandiza galimoto. Mwapadera ndikuthokoza Amayi a Lusungu. Anayamba ali makumi awiri ndi awiri. Lero atsala atatu, ndipo wamng'ono mwa iwo wapitirira zaka makumi asanu ndi awiri. Kwa miyezi isanu ndi iwiri amayi amenewa akhala akusinthana kuwatembenuza malemu, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala, ndipo ndi iwo amene asambitsa thupi lili apali. M'mawa uno andipempha kuti ndilengeze kuti mphamvu zawathera, ndipo palibe wachitsikana amene wabwera kudzalowa m'malo mwawo. Nyachimbalanga ndiye anali wodwala wawo womaliza. Gulu lawo latsekedwa lero.

Yewo chomene nonse amene mwabwera. Achemwali anga, mwatopa mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.