Mtambo Umene Ankati Ndi Nkhungu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse, a pachilumba pano ndi inu amene muli kutali. Ine ndine amake Monika, ndimakhala ku Yofu kuno ku Likoma. Sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekezera sitandade 3, choncho mundikhululukire pamene mawu anga sakuyenda bwino. Ndikufuna ndikuuzeni za mantha amene anandimanga zaka zitatu amuna anga atamwalira pa nyanja, ndi mmene Mulungu anandimasulira tsiku limene ndikanatayanso mwana wanga mmodzi yekhayo.

Amuna anga, a Barnaba, anagwira ntchito zaka zambiri pa munda wina waukulu ku Zimbabwe. Pobwerera kumudzi anabwera ndi makina osokera, mabulangeti awiri, ndi khalidwe lina limene anthu ankawaseka nalo. Anakhomera chitini pa chitsa kuseri kwa nyumba, ndipo mvula ikagwa ankayeza madzi a m'chitinimo ndi kamtengo kokhala ndi mizere. Analinso ndi kope la chikuto chofiira. M'mawa uliwonse ankaima pansi pa mlambe wathu n'kuyang'ana kumwamba, kenako n'kulemba mphepo ya tsikulo, kaya ndi mwera, kaya ndi mpoto, kaya ndi vuma wotsika m'mapiri a ku Mozambique. Pambali pake ankajambula mwezi mmene unaonekera. Ine ndinkawafunsa ngati kopelo tidzadyera ndiwo. Iwo ankangoseka, n'kunena kuti mphepo nayo imaodira isanalowe m'mudzi, koma anthu ndife amene sitimva odi wakeyo.

M'dzinja la 1998, mnzawo wopha naye nsomba, a Yustino, anabwera m'mawa kudzawatenga kuti apite ku utaka. Amuna anga anakana, anati mitambo ya kumpoto sinawasangalatse. A Yustino anawaseka pamaso panga, anati ana sadya kope. Amuna anga anachita manyazi, anatenga nkhafi n'kupita. Masana mpoto unabwera ndipo bwato linagubuduka. A Yustino anakangamira bwatolo mpaka asodzi ena anawatola. Thupi la amuna anga linapezeka pa miyala patapita masiku atatu.

Kuyambira pa maliro paja sindinawalankhulenso a Yustino. Tikakumana pa kanjira ka ku Chipyela ndinkayang'ana kumbali. Ku tchalitchi ndinkasankha malo oti ndisawaone. Iwonso anasiya kulowa m'nyanja, ankangokhala pansi pa mtengo wa mango ku doko n'kumasoka maukonde a anthu ena. Anthu ankandiuza kuti munthuyo akuonda ndi chisoni, koma ine mumtima ndinkati aonde.

Chimene chinandizunza kwambiri chinali mantha. Kamtambo kakuda kakangooneka, miyendo inkandithamangitsa yokha kupita ku doko, ndikufuula kuti anthu asalowe m'madzi. Kambirimbiri mtambowo unkangodutsa, dzuwa n'kuwala, asodzi n'kubwera ndi nsomba. Poyamba anthu ankandimvera chisoni, kenako anatopa nane. Anandipatsa dzina loti a Namondwe. Ngakhale amayi anzanga a mumpingo ankanong'onezana kuti imfa ya a Barnaba yandisokoneza mutu. Monika, amene panthawiyo anali mtsikana wamkulu, ankalira ndi manyazi, ndipo ine ndinkamulonjeza kuti sindidzachitanso, koma mtambo wina ukabwera ndinkaiwala lonjezolo.

Misa sindinkajomba, koma ndinene zoona, pakamwa pokha ndi pamene pankapemphera. Chinthu chimodzi chimene chinkandikhazika mtima pansi chinali kope lija. Chitini chinachita dzimbiri n'kugwa, koma kope sindinalisiye. M'mawa ndinkaima pamene ankaima amuna anga, ndipo poti kulemba mawu kumandivuta, ndinkangojambula. Mwezi ndinkaujambula mmene ndauonera, mphepo ndinkaika kamuvi koloza kumene ikupita. Sindinkachita zimenezi chifukwa cha nzeru ayi. Ndinkangomva ngati ndikuwapatsa moni malemuwo. Masiku ena ndinkatsegula masamba awo akale n'kumayang'ana zojambula zawo mpaka ndinaziloweza osadziwa.

Amene mumadziwa chilumba chathu mukudziwa vuto la nkhuni. Mitengo ndi yochepa, ndiye amayi amasonkhana n'kukwera boti la thanga kukatola nkhuni kutsidya, ku Mozambique. Mu Januwale wa 2001, Monika anagwirizana ndi anzake asanu ndi awiri kuti apite ndi boti la a Daudi, bambo wina wa m'mudzi mwathu wokonda nthabwala. Anadzuka m'mawa, anatenga chikwanje ndi chinangwa chophika, n'kutsikira ku doko. Ine ndinapita pansi pa mlambe monga mwa masiku onse.

Tsikulo kunali kotentha modabwitsa ngakhale dzuwa linali lisanakwere. Kamphepo ka vuma kamene kamabwera m'mawa kunalibe, masamba anali zii, nyanja yosalala ngati aithira mafuta. Nditayang'ana kumpoto ndinaona chinthu chakuda chitaima pa madzi, chachitali ngati utsi wa moto wa m'tchire. Nthawi yomweyo ndinamva amayi a nyumba zoyandikana akuitanizana mokondwa kuti nkhungu zatuluka. Kwa inu a kumtunda, nkhungu ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka timene timatuluka m'nyanja m'dzinja, tambirimbiri, ndipo patali timaoneka ngati utsi. Mphepo ikatibweretsa kumtunda timatikola ndi madengu onyowetsa n'kupanga ndiwo yabwino. Choncho anthu akaona utsi umenewo saopa, amasangalala.

Inenso ndinatsegula kope kuti ndiike chizindikiro cha nkhungu, timadontho tambiri, monga ankachitira amuna anga. Koma dzanja langa linaima. Pamzere wa dzulo lake ndinali nditajambula mwezi wathunthu, woyera mbee. Ndinabwerera m'masamba a amuna anga, chaka ndi chaka, ndipo paliponse pamene panali timadontho ta nkhungu, pambali pake panali mwezi wakufa kapena kamwezi kongooneka kumene. Panalibe ngakhale pamodzi pamene nkhungu zinakhala pafupi ndi mwezi wathunthu.

Ndinayang'ananso kumpoto, tsopano modekha. Nkhungu zimayambira pa madzi kukwera m'mwamba, ndipo mutu wake umabalalika. Ichi chinali chitalendewera kuchokera ku mtambo wakuda kutsika pansi, chonenepa kumwamba, chowonda kumunsi, ndipo pamene chinakhudza nyanja madzi ankaoneka oyera ngati akuwira. Ndinakumbukira kuti ndinachionapo m'kopemo. Ndinachipeza pa tsamba lina lakale, chojambulidwa ngati chitamba cha njovu, ndipo pansi pake amuna anga analemba mawu awiri a zilembo zazikulu amene ngakhale ine ndinatha kuwerenga: MPOTO WAUKULU.

Miyendo inafuna kuthamanga monga kale, koma ndinagwada pomwepo pa mizu ya mlambe. Ndinati, Ambuye, ine ndanamiza anthu kambiri ndi mantha anga, ndipo palibe amene angandimverenso. Ngati awa ndi mantha omwe aja, ndichotsereni ndikhale pansi. Koma ngati ndi zoona, ndipatseni munthu mmodzi yekha woti andikhulupirire. Limeneli linali pemphero langa loyamba lochokera mumtima chimwalirireni amuna anga. Nditadzuka ndinapeza kuti sindikunjenjemera. Ndinamanga kope m'chitenje n'kutsikira ku doko, osathamanga.

Ndinapeza amayi atakwera kale, a Daudi akumasula thanga. Atangondiona anafuula kuti a Namondwe afika, aliyense agwire mpango wake ungauluke. Boti lonse linaseka. Ndinawauza mwaulemu kuti chimene chili kumpotocho si nkhungu, ndipo kuti adikire pang'ono. Mayi wina anandinena kuti ndikufuna nkhunguzo ndikole ndekha. A Daudi anati kulibe ngakhale kamphepo, iwo akudandaula kuti apalasa ndi nkhafi mpaka kutsidya, ine ndikunena za namondwe. Monika anaweramitsa mutu, kenako anandiuza motsitsa mawu.

"Amayi, chonde, lero lokha musandichititse manyazi. Pitani kunyumba."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna munthu mmodzi amene ndinapempha uja. Pa doko ponse panalibe wamkulu wina koma a Yustino, atakhala pansi pa mango ndi ukonde pa miyendo. Mumtima ndinati, Ambuye, osati awa. Koma boti linali litayamba kusuntha. Ndinapita, ndinagwada patsogolo pawo, n'kutsegula kope. Amenewa anali mawu anga oyamba kwa iwo m'zaka zitatu.

"A Yustino, taonani mwezi uwu wa dzulo. Taonaninso ichi chimene anajambula anzanu. Mundiuze ngati ndapenga."

Anayang'ana kopelo nthawi yaitali, kenako anayang'ana kumpoto ataphimba maso ndi dzanja. Anaika ukonde pansi, analowa m'madzi ndi zovala mpaka m'chiuno, munthu amene anali asanapondemo chichitikireni ngozi ija. Anafika kumbuyo kwa boti, anazula chiwongolero, anachisenza paphewa n'kubwerera nacho kumtunda. Anachiika pa mchenga n'kuchikhalira.

A Daudi anakalipa kwambiri. Anati botilo ndi lawo, ndipo ngati misala ya a Namondwe ndi yopatsirana, a Yustino apite nayo kuchipatala. A Yustino anawasiya mpaka anamaliza, kenako anayankhula osakweza mawu.

"Daudi, ine kope ili ndinaliseka kamodzi. Nonse mukudziwa amene ndinapita naye tsiku limenelo, ndipo mukudziwa kuti ndinabwera ndekha. Ukafuna chiwongolero chako, uyambe wandichotsa pano."

Palibe amene anasekanso. Amayi anayamba kutsika mmodzimmodzi, ena akung'ung'udza kuti tsiku lapita pachabe. Monika anatsika womaliza, osandiyang'ana. A Daudi anati adikira ola limodzi basi, likatha apita ngakhale opanda chiwongolero. Tinakhala pa mchenga, kukutentha, nyanja ili phee. Ndikuuzeni zoona abale, nthawi imeneyo inali yaitali kwa ine. Chitamba chija chinazimiririka, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndalakwitsanso, tsopano ndakokeramo ndi a Yustino omwe.

Kenako kamphepo kozizira kanatikhudza kumaso. Kumpoto nyanja inasanduka yakuda, ndi mzere woyera kutsogolo kwake ukubwera ngati ukuthamanga. A Daudi eni ake ndiwo anayamba kufuula kuti tikoke boti. Tonse tinagwira chingwe, amayi ndi abambo, ndipo tisanalifikitse bwino kumtunda mphepo inali itafika. Sindinaonepo mpoto wotero. Mchenga unkatibaya ngati singano, nthambi za mango zinkathyoka, mafunde anafika pamene timayanika usipa. Tinathawira m'nyumba ina ya malata pafupi ndi doko, mvula ikuwomba chammbali. Mmenemo aliyense ankadziwa, ngakhale osanena, kuti akanapita nthawi ija akanakhala ali pakati penipeni pa nyanja, kutali ndi gombe lililonse. Monika anandikumbatira n'kulira ngati kamwana, ndipo ndinamva mtima wake ukugunda pa chifuwa changa. Ndinangoti zikomo Ambuye, zikomo.

Mphepo itatha tinapeza madenga angapo atasasuka, langa lomwe. Udzu wonse unapita, ufa wa kondowole unanyowa, mphasa zili m'matope. Koma ndinaima pakati pa nyumba yopanda denga ndikuseka, chifukwa mwana wanga anali pambali panga akutola mbale. M'mudzi mwathu simunamveke kulira kwa maliro tsiku limenelo.

Mawa lake ndinamva odi pakhomo. Anali a Yustino atasenza mitolo ya udzu, a Daudi ali pambuyo ndi nsungwi. A Daudi anati abwera kudzalipira mlandu wa pakamwa pawo. Anagwira ntchito masiku awiri. Tsiku lachiwiri ndinawapatsira a Yustino madzi akumwa ndi manja anga, ndipo iwo anayamba kunena za tsiku la ngozi lija, misozi ikutsika. Ndinawauza kuti zatha, ndawakhululukira, nawonso andikhululukire chifukwa cha zaka zimene ndinawasenzetsa katunduyo okha. Pochoka a Yustino anatenga chitini chatsopano n'kuchikhomera pa chitsa chija.

Dzina la a Namondwe silinachoke, mpaka lero ndi limene amandiitana, koma tsopano amaliitana ataima pakhomo kufunsa ngati kuli bwino kuwoloka. Sindine mneneri, ndipo nthawi zina ndimalakwitsa. Ndikaona kuti sindikudziwa ndimanena kuti sindikudziwa. Chimene chinasintha ndi chakuti sindithamanganso. Ndimayang'ana, ndimatsegula kope, ndimapemphera, kenako ndimayankhula.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanatope nane pamene anthu anatopa, amene anasunga mwana wanga ndi ana a anzanga asanu ndi awiri. Inu amene mwataya wokondedwa ndipo anthu akuti mutu wanu sukuyenda bwino, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero likhale la pakamwa pokha, tsiku lina lidzatsikira mumtima. Ndipo mukapempha thandizo musamusankhire Mulungu munthu woti amutume. Ine ndinapempha munthu mmodzi, ndipo anandipatsa yemwe uja ndinkamuthawa pa njira.

Kope lofiira linadzaza, tsopano tili pa lachitatu. Monika ndiye amalemba mawu, ine ndimajambula mwezi. Ambuye akusungeni nonse, a pamtunda ndi a pamadzi. Amen.