Utsi wa Galimoto Zawo

Okondedwa omvera, ine ndine mayi wa ku Nkhudzi, ndimawamba nsomba n'kumagulitsa. Mwezi watha kunabwera a bungwe lina ochokera m'tauni, akuti tidzakonze limodzi ndondomeko yochepetsa utsi umene ukusokoneza nyengo. Anatiitana m'mawa, nthawi imene mabwato amakocheza. Ndinasiya utaka wanga m'beseni, poti ankati maganizo athu ndi ofunika.

Bambo wina wovala tayi anatiloza nati, "Amayi, utsi wa nkhuni zanu ndi umene ukuthawitsa mvula."

Ndinakweza dzanja mpaka mkono kuwawa, sanandione. Koma pojambula zithunzi, eee, tonse tinaoneka bwino!

Kumbuyo kwathu galimoto zawo zinali chilirire, madalaivala akugona m'kati pa kamphepo kozizira. Utsi wakewo tinkapuma ndife. Mayi wina wachikulire anatsokomola nafunsa, "Achimwene, nanga uwu ndi ubani?"

Anangoseka, n'kutseka msonkhano.

Pofika kunyumba, utaka uja unali utanunkha, ndinakaukwirira. Tsiku limenelo sindinakoleze moto, ndiye kaya nyengo inapulumuka.

Inu a mabungwe, mukadzabweranso, muyambe mwazimitsa galimoto zanu. Za utsi mudzatiphunzitse pambuyo.